Padi ikukana pa kompyuta: kupeza pamene pavuta musanagule ina

Dandaulo lake silisintha. Padi ija yosewerera magemu imagwira bwinobwino pa PlayStation kapena pa Xbox, koma mukailumikiza ku laputopu kuti mumenye FIFA, PES kapena Mortal Kombat, zii. Pena imayaka koma gemu osaiona, pena imagwira mphindi zochepa n'kuduka, pena wosewera wanu amangothamangira kumanzere inu musanakhudze kalikonse. Ambiri akafika apa amati padi yafa. Nthawi zambiri imakhala ili moyo.

Pakati pa chala chanu ndi gemu pali malo atatu amene uthenga ungaime: pa chingwe kapena Bluetooth, mu Windows, ndi mu gemu momwemo. Mukadziwa pamene waima, theka la ntchito latha. Vuto ndi loti anthu amayamba ndi kuika mapulogalamu, wina pamwamba pa mnzake, ndipo pamapeto pake vuto limene linali la chingwe limasanduka mavuto atatu.

## Yambani ndi ichi nthawi zonse

Lumikizani padi. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani joy.cpl, dinani Enter. Patuluka kabokosi kolembedwa Game Controllers.

- Ngati m'kabokosimo mulibe dzina lililonse, vuto lili pa chingwe, pa Bluetooth kapena pa driver, kapulogalamu kothandiza Windows kuzindikira chipangizo. Gemu isiyeni kaye, ilibe mlandu.
- Ngati dzina lilimo, lisankheni ndi kudina Properties. Dinani mabatani onse, zungulitsani maanalogi onse awiri. Zonse zikamayankha, padi ndi Windows akumvana, ndipo vuto lili kwa gemu.
- Ngati muli mayina awiri pamene padi ndi imodzi, pitani ku gawo lonena za kudinika kawiri.

Chinanso choti mudziwiretu. Windows ili ndi njira ziwiri zolankhulira ndi mapadi. Yakale ndi DirectInput. Ina ndi XInput, imene Microsoft inabwera nayo pamodzi ndi Xbox 360 mu 2005, ndipo magemu ambiri a pa kompyuta a zaka zotsatira anamangidwa kuti azimva imeneyi. Padi ya Xbox imalankhula XInput mwachibadwa. Ya PlayStation, ya Nintendo Switch ndi mapadi otchipa a USB ambiri salankhula, choncho amafuna pulogalamu yoima pakati, monga Steam, DS4Windows kapena x360ce. Mavuto ambiri a m'munsimu gwero lake ndi limeneli.

## Mwalumikiza ndi chingwe koma kompyuta siikuiona

1. Chingwe ndi chotchajira chokha. Ichi ndiye chimapha ambiri. Chingwe cha USB chathunthu chimakhala ndi timawaya tonyamula magetsi ndi tina tonyamula uthenga. Zingwe zambiri zobwera ndi tochi, sipika kapena power bank zili ndi ta magetsi tokha. Padi imayaka, imatchaja, inu n'kumati zalumikizika, pamene kompyuta siikudziwa n'komwe kuti pali chinthu. Kuyesa kwake n'kosavuta: lumikizani foni ku kompyuta ndi chingwe chomwecho. Foni ikangotchaja osakufunsani zotumiza mafayilo, chingwecho si cha ntchito imeneyi. DualShock 4 ya PS4 ndi mapadi a Xbox One amafuna micro-USB, DualSense ya PS5 ndi padi ya Xbox Series amafuna USB-C, pamene DualShock 3 imafuna mini-USB, ija ya makamera akale.

2. Bowo la USB. Sinthani bowo. Pa kompyuta ya patebulo yesani mabowo a kumbuyo, chifukwa a kutsogolo nthawi zina sanalumikizidwe bwino mkati. Ngati mwadzera pa USB hub yotchipa pamene palinso kiyibodi, mausi ndi fulashi, ichotseni, padi ilowe yokha mu kompyuta.

3. Padi yasokonezeka yokha. DualShock 4 ndi DualSense ali ndi kabowo kakang'ono kumbuyo. Zimitsani padi, lowetsani kawaya kowonda kapena kachitsulo kotsegulira SIM, khalani chodina masekondi asanu, kenako lumikizaninso ndi chingwe n'kudina batani la PS. Ya Xbox ingochotsani mabatire ndi kuwabwezeramo.

4. Driver. Dinani kumanja pa Start, tsegulani Device Manager, yang'anani chilichonse chokhala ndi kachizindikiro kachikasu. Dinani kumanja pa icho, sankhani Uninstall device, zulani padi, yambitsaninso kompyuta, lumikizaninso. Windows 10 ndi 11 zimakhala kale ndi driver ya mapadi a Xbox. Amene akadali pa Windows 7 ayenera kuiika pamanja.

Mapadi awiri ali ndi khalidwe lawolawo. DualShock 3 ya PS3 imaoneka mu joy.cpl ndi dzina lake, tinyali take tinayi n'kumaphethira, koma mabatani osayankha. Siinawonongeke, imangofuna driver yapadera, ndipo yodziwika masiku ano ndi DsHidMini. Inayo ndi padi ya Xbox 360 yopanda waya. Chingwe chake chija cha Play and Charge chimanyamula magetsi okha, ndiponso padi imeneyi ilibe Bluetooth. Popanda kachipangizo kake kolandirira, kotchedwa Xbox 360 Wireless Gaming Receiver, palibe chimene chingachitike. Tolandirira tambiri ta pamsika si ta Microsoft, ndipo Windows imationa ngati Unknown device. Zikatero, mu Device Manager sankhani Update driver, kenako Browse my computer, kenako Let me pick from a list, pezani Xbox 360 Peripherals ndi kusankha Xbox 360 Wireless Receiver for Windows. Ikakuchenjezani, vomerani.

5. Bowo la padi lenilenilo laphwasuka. Mukagwedeza chingwe pang'ono n'kumva kompyuta ikulira kuti yalumikiza, yaduka, yalumikiza, ndipo mwayesa kale zingwe ziwiri zabwino, bowolo latha. Micro-USB imachita zimenezi kawirikawiri. Apa ndi pa katswiri.

## Bluetooth siikuipeza padi

1. Padi siili pofunafuna mnzake. Kuyatsa padi n'kosiyana ndi kuiika pa pairing.

- DualShock 4: gwirani Share ndi PS pamodzi mpaka nyali iyambe kuphethira mwachangu. Idzaoneka ndi dzina loti Wireless Controller.
- DualSense: gwirani Create ndi PS pamodzi.
- Xbox: yatsani, kenako gwirani kabatani ka pamwamba pafupi ndi bowo la USB masekondi atatu, mpaka chizindikiro cha Xbox chiphethire mwachangu.
- Switch Pro: gwirani kabatani kakang'ono ka pamwamba, pafupi ndi bowo la USB-C.

Ngati PlayStation kapena Xbox yanu ili chapafupi, izuleni ku magetsi poyamba. Mukapanda kutero padi imathamangira kwa mwini wake, konsolo n'kuyaka, kompyuta ikudikirabe.

2. Windows ikukumbukira kulumikizana kwakale. DualShock 4 imasunga mwini mmodzi. Mukapita nayo kwa mnzanu n'kukailumikiza ku PS4 yake, yaiwala laputopu yanu, koma Windows imaonetsabe kuti Paired. Lowani mu Settings, ku Bluetooth, dinani Remove device pa dzina lake, muyambirenso. Pobwerera ku PS4 mudzafunika chingwe kamodzi kuti izindikirenso konsolo.

3. Padiyo ilibe Bluetooth. Mapadi oyambirira a Xbox One a mu 2013 analibe. Bluetooth inabwera ndi padi ya Xbox One S mu 2016. Yang'anani pulasitiki yozungulira batani la Xbox: ikakhala imodzi ndi nkhope yonse ya padi, Bluetooth ilimo. Ikakhala mbali ya chigawo cha pamwamba, pamene pali LB ndi RB, mulibe. Yotereyi imafuna chingwe kapena Xbox Wireless Adapter.

4. Windows 11 ikubisa zipangizo zina. Mu Settings, pansi pa Bluetooth & devices, tsegulani Devices, ndipo ngati pali mzere wolembedwa Bluetooth devices discovery, usintheni kuchoka pa Default kupita pa Advanced.

5. Kompyuta ilibe Bluetooth, kapena ili nayo kawiri. Makompyuta ambiri a patebulo alibe, amafuna dongle, kachipangizo ka Bluetooth kolowetsa pa bowo la USB. Koma mukaika dongle pa laputopu imene ili nayo kale yamkati, ziwirizo zimalimbana, pakuti Windows imagwira ndi imodzi yokha. Zimitsani yamkati mu Device Manager podina Disable device.

6. Padi ndi yachinyengo. Ma DualShock 4 ofanizira ndi ambirimbiri, ndipo ena amaoneka bwino mpaka bokosi. Ena amagwira pa chingwe koma pa Bluetooth amakana, ena amalumikizika n'kuduka nthawi yomweyo. Pamenepa palibe mankhwala. Igwiritseni pa chingwe basi.

## Imalumikizika kenako n'kuduka, kapena imachedwa kumvera

Mumadina kuti mupatsire mpira, wosewera n'kumvera mdani atautenga kale. Choyamba dziwani ngati ndi padi kapena ndi gemu. Sewerani ndi chingwe mphindi zochepa. Kuchedwa kukapitirira, ndiye kuti laputopu ndi imene ikulemedwa ndi gemuyo: tsitsani magrafiki, lumikizani chaja, chifukwa malaputopu ambiri amadzichepetsa mphamvu akakhala pa batire. Ngati mukuonera pa TV, yatsani Game Mode. Kuchedwa kukatha ndi chingwe, werengani izi.

1. Batire lafooka. Padi ya Xbox imadya mabatire awiri a AA, ndipo aja otchipa a pawailesi sachedwa kugwa. Batire la DualShock 4 ndi la 1000 mAh lokha likakhala latsopano, ndiye la padi ya kaunjika imene yagwira zaka zambiri musaliyembekezere zambiri.

2. Windows ikuzimitsa Bluetooth kuti isunge moto. Mu Device Manager tsegulani Bluetooth, dinani kawiri pa adaputa yanu, imene nthawi zambiri imakhala ndi dzina la Intel, Realtek, Qualcomm kapena MediaTek. Pa Power Management chotsani chizindikiro pa Allow the computer to turn off this device to save power. Ngati mukugwiritsa dongle kapena chingwe, pitaninso ku Power Options mu Control Panel, Change advanced power settings, USB settings, ndi kuzimitsa USB selective suspend.

3. Pali zina zikusokoneza mafunde. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, pomwenso Wi-Fi yambiri imayenda. M'malaputopu ambiri kachipangizo kamodzi ndiko kamasenza zonse ziwiri. Ndiye ngati foni yanu ili pa hotspot pambali pa laputopu, kapena MiFi ili pomwepo ikutsitsa zinthu, kwinaku mwavala mahedifoni a Bluetooth, padi imavutika kupeza mpata. Imitsani zotsitsazo, chotsani mahedifoni, ndipo ngati hotspot ikulola ikani pa 5 GHz. Mabowo a USB 3.0, aja a buluu mkati, nawonso amatulutsa phokoso pa mafunde omwewa, makamaka mukalumikizapo hard drive. Dongle ichokepo pamenepo, ipite pa bowo la USB 2.0 kapena pa chingwe chotalikitsira.

4. Firmware, pulogalamu ya mkati mwa padi, ndi yakale. Ya Xbox imakonzedwa ndi pulogalamu ya Xbox Accessories yopezeka mu Microsoft Store, padi ili pa chingwe. Ya DualSense ndi PlayStation Accessories ya Sony. Musayambe ntchito imeneyi pa kompyuta ya patebulo ngati magetsi akungothimathima tsiku limenelo. Laputopu yodzaza batire ndiyo yabwino, ndipo chingwe chisagwedezeke mpaka zithe.

5. Mapadi achuluka. Dongle yotchipa imakwanitsa padi imodzi, pa ziwiri imayamba kupuma movutikira. Mukakhala anayi pa gemu, ena akhale pa zingwe. Kumalo oseweretsa magemu ine ndinganene kuti onse akhale pa zingwe, nkhani ithe. Dziwaninso kuti XInput imalandira mapadi anayi okha.

Padi ikamazima pokhapokha mwaisiya osaikhudza, limenelo si vuto, ikusunga batire. Steam ili ndi poikira nthawi yake, pa Idle Gamepad Shutdown Timeout.

## Mu joy.cpl zonse zili bwino, koma gemu siikumva

Pano ndi pamene anthu amataya nthawi yambiri, ndi pamenenso mapulogalamu osafunika amalowera.

1. Gemu imamva XInput yokha, padi yanu ikulankhula zina. Njira imene ndimayamba nayo ndi Steam, ngakhale gemuyo simunaigule kumeneko. Tsegulani Steam, Settings, Controller, yatsani mzere wa mtundu wa padi yanu: PlayStation, Switch Pro kapena generic. Gemu yochokera kwina iikeni podina Games, kenako Add a Non-Steam Game to My Library, ndipo muziitsegulira mu Steam nthawi zonse. Mukaitsegulira pa desktop, Steam siilowererapo. Za bandulo musade nkhawa kwambiri: mukalowa kamodzi ndi intaneti, Steam imatha kuyenda pa offline mode.

Amene safuna Steam angagwiritse DS4Windows pa mapadi a PlayStation. Imapanga padi yongoyerekeza ya Xbox 360 imene gemu imaiona, ndipo imafuna driver yotchedwa ViGEmBus. Iyenera kukhala yotsegula nthawi yonse mukusewera. Chenjerani potsitsa, pakuti pali mawebusayiti ambiri obera dzina lake amene amaphatikizamo zinthu zoipa. Malo ake enieni ndi pa GitHub.

Mapadi otchipa a USB, aja amaoneka kuti Generic USB Joystick kapena Twin USB Joystick, amathandizidwa ndi x360ce. Mtundu wake wakale, wa nambala 3, umaikidwa mu foda ya gemu pafupi ndi fayilo ya exe, ndipo uyenera kufanana ndi gemuyo: wa 32-bit pa gemu ya 32-bit, wa 64-bit pa ya 64-bit. Si Windows yanu imene ikuyang'anidwa pano, ndi gemu. Ambiri amagwera pamenepa. Wa nambala 4 sulowa mu foda, umangokhala wotsegula chapansi. Pa magemu a pa intaneti okhala ndi zoletsa kubera, musaike mafayilo achilendo mu foda ya gemu, akaunti ingatsekedwe.

2. Padi ili ndi swichi yake. Logitech F310 ili ndi kaswichi kunsi kolembedwa X ndi D. Kakhale pa X. Mapadi ena amasintha pogwira batani la Home kapena Mode kwa masekondi angapo, ndipo kapepala kake kamanena.

3. Gemu ili ndi poikira pake. PES ya pa kompyuta ndiyo chitsanzo chabwino. Mu foda yake muli Settings.exe. Tsegulani, pitani pa Controller, ndipo mupeza posankha pakati pa DirectInput ndi XInput. Padi ya Xbox kapena iliyonse yodzera mu DS4Windows ikhale pa XInput. Padi yotchipa ya USB ikhale pa DirectInput, ndipo mabatani muwaike limodzilimodzi. Ma emulator, mapulogalamu oseweretsa magemu a konsolo pa kompyuta, ngati PCSX2 ndi PPSSPP nawonso nthawi zina sadziwa padi yanu mpaka mutawauza m'masettings awo.

4. Munalumikiza gemu itatseguka kale. Magemu akale amafufuza padi poyambira pokha. Tsekani, lumikizani, tsegulaninso.

5. Chipangizo china chatenga malo oyamba. Chiwongolero cha magemu a galimoto, dongle ya padi ina imene munaiwala kumbuyo, ngakhale padi yongoyerekeza ya vJoy imene munaika kalekale, zonsezi zingakhale wosewera woyamba, inu n'kukhala wachiwiri. Zulani zonse, mutsale ndi padi imodzi.

6. Gemuyo siilandira padi. Valorant ya pa kompyuta ndi The Sims 4 ya pa kompyuta anazipangira kiyibodi ndi mausi. Pa tsamba la gemu iliyonse mu Steam amalemba ngati padi ikugwira, mokwanira kapena pang'ono.

## Mukadina kamodzi zikudinika kawiri, kapena padi imodzi ikuyendetsa matimu onse awiri

Pa FIFA ndi EA Sports FC izi zimaonekera posankha mbali: mukakankhira kumanzere, tizithunzi tiwiri ta mapadi timasuntha. M'mamenyu mumadumpha mizere iwiriiwiri.

Chifukwa chake pafupifupi nthawi zonse ndi chimodzi. Gemu ikuona padi yeniyeni komanso yongoyerekeza ija, kapena mapulogalamu awiri akumasulira padi imodzi nthawi imodzi. Zili ngati omasulira awiri aimirira pa msonkhano umodzi, aliyense akubwereza mawu a mlendo: anthu amamva zonse kawiri.

- Sankhani pulogalamu imodzi. Ngati ndi Steam, tsekani DS4Windows kotheratu, muyang'anenso pa tizithunzi ta pafupi ndi wotchi chifukwa imabisala pamenepo. Ngati ndi DS4Windows, zimitsani PlayStation Controller Support mu Steam.
- Ngati gemu imaidziwa kale padi ya PlayStation, ndipo zambiri zatsopano zimaidziwa, simukufunika pulogalamu iliyonse. Mu Steam dinani kumanja pa gemuyo, Properties, Controller, sankhani Disable Steam Input.
- Ngati DS4Windows ndi yofunikadi, ikani HidHide. Ntchito yake ndi kubisa padi yeniyeni kuti gemu izingoona yongoyerekeza. Musaiwale kuika DS4Windows pa mndandanda wa mapulogalamu ololedwa kuiona, apo ayi nayonso siidzaipeza. Ndipo kumbukirani kuti munaiika. Miyezi ikadutsa mudzadabwa kuti padi yasowa paliponse, pamene inu nomwe munaibisa.
- Chotsani zotsalira zakale: MotioninJoy, ScpToolkit, InputMapper, ndi mafayilo a xinput amene x360ce inasiya m'mafoda a magemu. ScpToolkit imalanda dongle ya Bluetooth yonse, moti ngakhale mahedifoni salumikizika mpaka driver yake itachoka.

Padi ikamayendetsa mausi pa desktop, imeneyo ndi Desktop Layout ya Steam, ili mu Settings pansi pa Controller.

## Mabatani asinthana

Ngati mwagwira padi ya PlayStation koma sikirini ikulemba A, B, X, Y, palibe chawonongeka. Gemu ikuona ngati mwagwira ya Xbox. A ndi mtanda, B ndi kozungulira, X ndi sikweya, Y ndi thirayango. Pa Switch Pro, A ndi B akhala mosemphana ndi a Xbox, chimodzimodzinso X ndi Y, ndipo Steam ili ndi Use Nintendo Button Layout yokonzera zimenezi.

Pa mapadi otchipa yang'anani kabatani ka pakati kolembedwa Analog. Kanyali kake kofiira kakhale koyaka. Kakazima, analogi ya kumanja imayamba kuchita ngati mabatani a kumaso, ndipo munthu amaombera mpira pamene amafuna kuchita skill. Ikakhala kuti analogi ya kumanja ikupita m'mwamba inu mukukankhira kumbali, konzani mu x360ce kapena mu Steam posinthanitsa mizere yake iwiri.

## Analogi ikuyenda yokha

Tsegulani joy.cpl, Properties, ikani padi patebulo osaikhudza. Kamtanda kaime pakati. Kakamanjenjemera kapena kutsetsereka, vuto lili mu padi.

1. Fumbi ndi thukuta. Pansi pa analogi iliyonse pali timiyeso tiwiri tokhala ndi kachitsulo koyenda pa kanjira ka kaboni. Fumbi likalowa, muyeso umanama. Miyezi ya chilimwe, padi yosiyidwa pamphasa kapena pawindo imadya fumbi lambiri. Zimitsani padi, chotsani mabatire ngati amachoka, kankhirani analogi mbali imodzi, pukutani m'mphepete ndi kathonje konyowetsedwa pang'ono ndi isopropyl alcohol, zungulitsani kangapo, dikirani iume. Musathire madzi, mafuta a makina, WD-40 ya zitsulo kapena sipiriti ya pepo ija, zimasiya zotsalira mkati.

2. Deadzone ndi yaing'ono. Awa ndi malo a pakati pamene gemu imanyalanyaza kagwedezeko kakang'ono. Ikwezeni pang'onopang'ono m'masettings a gemu, kapena mu Steam pa Calibration & Advanced Settings, mpaka kuyenda kutasiya. Osapitirira, chifukwa ikakula kwambiri kulunjika kumavuta.

3. Wina anachita Calibrate molakwika. Mu joy.cpl, pa Settings, dinani Reset to default. Zimenezi zimakhudza magemu a DirectInput, a XInput sazilabadira.

4. Kanjira ka kaboni katha. Mukapukuta vuto n'kubwerera mawa lake, ndipo deadzone ikufunika kukwezedwa sabata ndi sabata, chatsala ndi kusintha analogi yonse. Pogula padi ina, dziwani kuti kuli mapadi a Hall effect amene amayeza ndi maginito popanda zitsulo zokhulana, ndipo vuto limeneli siliwagwira msanga.

## Mawu asowa, kapena padi siikunjenjemera

Mukalumikiza DualSense kapena DualShock 4 ya mtundu wachiwiri ndi chingwe, Windows imaiona ngatinso hedifoni, n'kutumiza mawu onse kumeneko. Dinani kachizindikiro ka sipika pafupi ndi wotchi, bwezerani ku Speakers. Kuti zisabwerezeke, dinani Windows ndi R, lembani mmsys.cpl, dinani kumanja pa Wireless Controller, sankhani Disable.

Bowo la mahedifoni la padi ya Xbox siligwira pa Bluetooth, limafuna chingwe kapena Xbox Wireless Adapter. Kulimba kwa L2 ndi R2 pa DualSense ndi kunjenjemera kwake kwapadera kuja kumapezeka pa magemu ochepa, ndipo ambiri mwa iwo amafuna chingwe. Mapadi otchipa sanjenjemera mpaka mutaika driver ya pa kasidi kamene amabwera nako.

## Pamene muyenera kusiya ndi kupita kwa katswiri

Siyani nthawi yomweyo, zulani chingwe, mukaona chimodzi mwa izi:

- Padi yatupa, kapena mbali zake ziwiri zayamba kulekana zokha. Batire la lithium latupa. Musalitchaje, musaliboole, musalifinye kuti libwerere, ndipo musaliponye pamoto wa zinyalala.
- Ikutentha moti simungaigwire bwino, kapena ikununkha kupsa.
- Windows yalemba Power surge on the USB port, kapena laputopu imazima mukangolumikiza padi. Penapake mawaya akhudzana. Musayese pa bowo lina kapena pa laputopu ya mnzanu, mungaphe mabowo onse.
- Mwagwera madzi, tiyi kapena chakumwa. Chotsani mabatire, musaiyatse kuti muone ngati ikugwirabe.
- Mabatire a AA atayikira mkati ndipo zitsulo zadyeka mpaka kuthothoka.

Palinso ntchito zina zosaopsa koma zofuna dzanja lozolowera. Analogi imodzi imagwiridwa pa bolodi ndi miyendo 14 yowotcherera, ndipo kuichotsa ndi chowotcherera wamba kumasupula tinjira ta bolodi. Kusintha bowo la USB nakonso n'chimodzimodzi pa mapadi ambiri. Mapadi a Xbox amamangidwa ndi masikuluwu a Torx okhala ndi kamsomali pakati, limodzi lili pansi pa chomata cha m'malo a mabatire, ndipo sikuludiraiva wamba amangowaphwanya mitu. DualShock 4 ili ndi kalamba kopyapyala kolumikiza mbali zake ziwiri, kamene kamang'ambika mukatsegula mwamphamvu. Wokonza mafoni amene ali ndi makina a mpweya wotentha ndipo anazolowera mabolodi ang'onoang'ono amaikwanitsa ntchito imeneyi. Ngati padi ikadali pa waranti, musaitsegule n'komwe, ibwerere kumene munagula.

Ku mbali ya kompyuta, pitani kwa katswiri ngati Bluetooth yasoweratu mu Device Manager ngakhale mutaikanso driver ya kampani imene inapanga laputopuyo, ngati kiyibodi ndi mausi zasiya kugwira mutaika driver ya padi, kapena ngati kompyuta ikugwa pa sikirini ya buluu nthawi iliyonse padi ikalowa. Malangizo a pa intaneti okuuzani kusintha Registry kapena kuzimitsa driver signature enforcement muwasiye, pokhapokha mukudziwa kubweza zimene mwasinthazo.

Popita kwa wokonza tengani padi, chingwe chimene mumagwiritsa ntchito ndi laputopu yomweyo, muuzeni mapulogalamu onse amene munaikapo, ndipo mufunse mtengo asanatsegule. Padi yeniyeni ya Sony kapena Microsoft imayenera kukonzetsa. Yotchipa ya USB kawirikawiri mtengo wokonzera umafanana ndi wogula ina.